Kuchoka m'chidikha cha Kasungu kukakwera nsonga zingapo: kukonzekera ulendo ndi inshuwalansi yake

Kukwera nsonga zingapo za mapiri motsatizana, pa nthawi yodziikira, ndi masewera okhala ndi malamulo akeake. Okwera amasankha nsonga zitatu kapena kuposerapo n'kupangana kuti azimaliza m'tsiku limodzi, m'masiku atatu kapena m'sabata. Ulendo wotere umasiyana ndi kukwera phiri limodzi Loweruka n'kubwerera kunyumba, chifukwa kutopa kwa dzulo kumalowa m'miyendo ya lero, ndipo ola limene latayika pa nsonga yoyamba limakapezeka pa nsonga yotsiriza, kunja kutada. Ku Britain anthu amakwera Ben Nevis wa mamita 1,345, Scafell Pike wa mamita 978 ndi Snowdon wa mamita 1,085 m'maola 24, akuthamanga pa galimoto pakati pa phiri ndi phiri. Kuno ku Malawi ulendo wodziwika wa mtunduwu ndi Three Peaks Walk wa ku Blantyre, umene bungwe la Mountain Club of Malawi limachititsa m'nyengo yozizira. Oyenda amanyamuka kusanache, n'kukwera Michiru, Ndirande ndi Soche, mtunda wa makilomita pafupifupi 48 wapansi, ndipo amene apirira mpaka kumapeto amafika dzuwa litalowa kapena likulowa. Ku Mulanje kuli mpikisano wa Porters Race, wa makilomita oposa 20, woyambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudzera ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula. Kuli komanso maulendo a masiku angapo ogona m'nyumba za m'phiri, amene amalumikiza Sapitwa ndi nsonga zina.

Masewerawa kale ankaoneka ngati a azungu ndi alendo. Masiku ano aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mabanki, achinyamata a m'mipingo ndi ana asukulu amasonkherana ndalama, kubwereka minibasi n'kupita kumapiri. Magulu otere amachokeranso m'maboma opanda mapiri akuluakulu, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa iwo.

Thupi lozolowera pathyathyathya

Chidikha cha Kasungu chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, koma maso akaponyedwa amangoona minda ya fodya ndi chimanga, zigafa, madambo ndi mitsinje yoyenda mwaulesi ngati Bua. Mapiri alipo, koma ndi oimaima paokha. Lodziwika kwambiri ndi phiri la Kasungu, pafupi ndi tawuni, lomwe m'tsinde mwake Dr Hastings Kamuzu Banda anamangamo nyumba yake ya Nguluyanawambe. Kumpoto kwa boma kuli nkhalango ya Chimaliro. M'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, ya kukula kwa masikweya kilomita oposa 2,300, muli timapiri ngati Miondwe ndi Black Rock, koma mmenemo munthu sayenda wapansi popanda msilikali wa zanyama wonyamula mfuti. Mu 2022 munabweretsedwa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo mulinso kashembe wofalitsa matenda a kaodzera. Kum'mawa kuli phiri la Ntchisi ndi la Chipata, kumpoto ku Mzimba kuli Hora, kummwera kuli Nkhoma ndi Dedza wa mamita 2,198.

Munthu wokulira m'chidikha sasowa mphamvu. Amene amaunga mizere tsiku lonse, kapena kupalasa njinga ya katundu kuchokera ku Chamama kapena ku Santhe mpaka pa boma, ali ndi mtima ndi mapapo olimba kuposa anthu ambiri a m'tawuni. Chimene thupi lake silinazolowere ndi matsitso. Pokwera munthu amapuma mwabefu n'kuima kuti apeze mpweya, ndipo akapuma zimatha. Potsika, kulemera kwa thupi ndi chikwama kumagwera pa maondo ndi akakolo kwa maola ambiri, minofu ya ntchafu n'kuyamba kunjenjemera, phazi n'kumaponda posayenera. Kubinya ndi kuthyoka kwambiri kumachitika potsika, madzulo, anthu atatopa ndipo maganizo ali kale pa nsima. N'chifukwa chake masabata otsogolera ulendo amayenera kuthera pa phiri lenileni, ngakhale laling'ono. Kukwera ndi kutsika phiri la Kasungu kawiri kapena katatu motsatizana, chikwama chodzaza chili kumsana, kumaphunzitsa miyendo zimene msewu wa M1 sungaphunzitse. Kenako gulu lingayese Ntchisi, Nkhoma kapena Dedza, kuti lione amene amatsalira m'mbuyo, amene nsapato zimamutulutsa matuza ndi amene amachita chizungulire pamalo okwezeka. Nsapato zatsopano, zogulidwa dzulo pa kaunjika, sizivalidwa koyamba pa tsiku la ulendo.

Nyengo ya ndalama ndi nyengo ya chisanu

Kalendala ya ku Kasungu imayendera fodya. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, n'kupitirira miyezi ingapo. Kusoka, kusankha ndi kudinda mabelo kukatha, ndalama zimayamba kuoneka m'matumba mwa alimi, eni mashopu ndi onyamula katundu pa malole, ndipo pamakhala kampata ntchito ya nazale isanayambe cha mu Seputembala. Ndiye kuti miyezi imene anthu ambiri a m'derali angathe kuchoka pakhomo ali ndi kangachepe ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti. Miyezi imeneyi ndi yabwinodi kukwera mapiri, chifukwa mvula yaleka, njira zauma ndipo mitsinje ndi yowolokeka. Koma ndi miyezi yomweyonso imene kumapiri kumazizira koopsa. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, kotero kuti pa Sapitwa pangathe kuzizira ndi madigiri 13 kuposa pa boma la Kasungu pa ola lomwelo, osawerengera mphepo. Usiku wa mu Juni ndi Julayi, pamwamba pa Mulanje ndi Nyika madzi amatha kuundana pa udzu.

Ndi nyengonso ya chiperoni, mvula yowaza ndi chifunga zobwera ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, ku Mozambique. Chiperoni chimatha kukuta phiri m'kanthawi kochepa n'kukhala masiku awiri kapena atatu. Thanthwe limene m'mawa linali louma limasanduka loterera, ndipo zizindikiro za njira sizioneka ngakhale zili pafupi. Amalawi onse akukumbukira 10 Juni 2024, pamene ndege imene inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira. Ngati kufunafuna ndege kumapiri m'chifunga cha Juni kunatenga usiku wonse, kufunafuna munthu mmodzi wovala juzi yakuda ndi ntchito yoposa pamenepo.

Seputembala ndi Okutobala amabwera ndi mavuto ena: kutentha, moto wolusa m'tchire, chitedze m'munsi mwa mapiri ndi timitsinje touma. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kuli ziphaliwali ndi mitsinje yodzaza mwadzidzidzi. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu Marichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anagumula mapiri ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kupha anthu ambirimbiri. Zigumukire zotere zimasintha njira, choncho mapu akale kapena nkhani za munthu amene anakwera zaka khumi zapitazo siziyenera kudaliridwa osafunsa eni dera.

Msewu ndi mbali ya ulendo

Amene akufuna kugwira zigawo zonse zitatu angasankhe Nganda ku Nyika, wa mamita oposa 2,600, Dedza pakati, ndi Sapitwa wa mamita 3,002 kummwera. Pa mapu Kasungu ali pabwino, pakati pa zonsezi, koma mtunda wake ndi wautali. Kuchoka ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi oposa 300, ndipo pamatsalanso ulendo wopita ku Chitakale ndi ku Likhubula. Kupita ku Nyika kumadzera ku Rumphi ndi pa chipata cha Thazima, pa msewu umene mbali yake yaikulu ndi yafumbi ndipo umafuna galimoto yamphamvu. Pa ulendo wa nsonga zambiri, malo oopsa kwambiri sakhala pa thanthwe nthawi zonse. Nthawi zina amakhala pa msewu, usiku, dalaivala atatopa ndipo gulu likumukakamiza kuthamanga kuti nthawi isathe. Lamulo losavuta n'lakuti woyendetsa galimoto asakwere nawo phiri, azigona pamene anzake akukwera. Mafuta nawo amafunika kuwaganizira pasadakhale, popeza zaka zaposachedwapa akhala akusowa m'malo omwetsera.

Kuwerengera maola

Mu 1892 wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, anapereka njira yowerengera nthawi imene ikugwirabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Njira ya makilomita 10 yokwera mamita 1,200 imatenga maola anayi, osawerengera kupuma, kudya ndi kujambulana. Gulu limayenda pa liwiro la munthu wochedwetsetsa, ndipo pa tsiku lachitatu aliyense amakhala wochedwa. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane 6 koloko madzulo, ndiye kuti maola owala sakwana 12. Chinthu chofunika kugwirizana musananyamuke ndi ola lobwerera: nthawi imene, kaya nsonga yafikidwa kaya ayi, gulu lonse litembenuka. Kukambirana zimenezi muli pa mamita 200 kuchokera pa nsonga sikuthandiza, chifukwa pamenepo aliyense amaona ngati yatsala pang'ono.

Ku Mulanje maulendo ambiri amayambira pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, pomwe alendo amalembetsa, kulipira ndi kupeza olondolera njira ndi onyamula katundu. Njira ya Skyline ndi ya Chapaluka zimafika ku Chambe m'maola atatu kapena anayi. Kuchoka kumeneko ulendo umapita ku Chisepo, nyumba imene ili m'tsinde mwa Sapitwa, ndipo ofuna kupitirira amalowera ku Thuchila, Chinzama ndi Sombani, komwe amakwererako Namasile wa mamita 2,687, n'kutsikira ku Fort Lister, mbali ya ku Phalombe. Nyumba zina ndi Lichenya, Minunu ndi Madzeka. M'nyumbazi mumakhala alonda othandiza ndi nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi zofunda ndi za mwini ulendo.

Kuchoka ku Chisepo kupita pa Sapitwa si kuyenda wamba. Poyamba pamakhala mathanthwe otsetsereka amene munthu amakwera chokwawa, manja ndi mapazi zonse zikugwira ntchito. Kenako pamabwera miyala ikuluikulu yosanjikizana, ina yofunika kuidumpha, ina yofunika kulowa kunsi kwake chikwama chitavulidwa n'kukankhidwa kutsogolo, ndi timitengo tothithikana tomera ndere. Njira imadziwika ndi timadontho ta penti pa miyala. Kunja kukakhala kowala timaoneka bwino, koma chifunga chikatsika, kuphonya kadontho kamodzi kumatengera munthu ku phompho kapena m'mapanga osatulukika. Kupita ndi kubwera kumadya pafupifupi tsiku lonse kwa anthu ambiri. Pamwamba pa mamita 2,500 ena amayamba kumva mutu, mseru ndi kusowa tulo chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, ndipo mankhwala ake enieni ndi kutsika.

Phiri la Mulanje lapha anthu odziwika ndi osadziwika omwe. Mu 1949 Fred France, wogwira ntchito zankhalango, anafa powoloka mtsinje wodzaza ali pa ulendo ndi Laurens van der Post, amene analemba za ngoziyo m'buku lake la Venture to the Interior. Mu 2003 Linda Pronk wa ku Netherlands anasowa atapita yekha ku Sapitwa. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitirira yekha, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha milungu yoposa iwiri, atafa ndi kuzizira. Nkhani yake inadzakhala filimu mu 2017. Anthu a m'munsi mwa phirili ali ndi mafotokozedwe awo a mizimu ya makolo, ndipo chikhalidwe chimenecho ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa bungwe la UNESCO kuika Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025. Kaya munthu atsata za mizimu kaya za nyengo, malangizo amene amatuluka ndi amodzimodzi: osapita wekha, osasiyana ndi wolondolera, osanyoza akanena kuti lero sikukwereka.

Munthu akavulala

Wina akathyoka mwendo pakati pa Chisepo ndi Sapitwa, ambulansi singafikeko. Foni imagwira malo ena, malo ena ayi, ndipo batire limatha msanga kukazizira. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mmodzi amatsala ndi wovulalayo n'kumufunditsa, wina amathamangira pamene pali netiweki kapena kunyumba yapafupi, ndipo kumunsi kumasonkhanitsidwa amuna oti akwere ndi machira. Pa njira yopapatiza machira sanyamulidwa ndi anthu awiri okha. Pamafunika gulu losinthana, ena kutsogolo, ena kumbuyo, ena kugwira m'mbali pamalo otsetsereka, ndipo mtunda umene wathanzi amatsika m'maola atatu ungatenge tsiku lathunthu kapena usiku wonse. Anthu amenewa asiya ntchito zawo ndipo ayenera kulipidwa ndi kudyetsedwa. Akafika kumsewu pamafunika galimoto yopita ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission kapena ku Holy Family ku Phalombe, ndipo ngati fupa lathyoka moipa, mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Helikopita si chinthu choyembekezera: ndi yodula kwambiri, siipezeka mwamsanga, ndipo m'chifunga siuluka.

Mtunda umenewu, kuchokera pamene munthu wagwera kufika pamene galimoto ingaime, ndiwo umene mapangano ambiri a inshuwalansi sautchula, kapena amautchula kuti aukane.

Zimene inshuwalansi imalipira ndi zimene imakana

Inshuwalansi si yachilendo ku Kasungu. Mwini galimoto aliyense amadziwa kuti lamulo limamukakamiza kukhala ndi yoteteza anthu ena pa msewu. Alimi a fodya olima pa mgwirizano ndi makampani amaidziwa pa nkhani ya matalala ndi moto wa zigafa. Mu 2005 Kasungu anali limodzi mwa madera amene anayeserako inshuwalansi yoyendera kuchuluka kwa mvula, ya alimi a mtedza a NASFAM, mothandizidwa ndi World Bank. Alimi anaphunzirapo kuti kampani imalipira chokhacho chimene chinalembedwa: ngati pangano likunena za kuchepa kwa mvula, mbewu yoonongedwa ndi tizilombo siilipiridwa ngakhale mlimi alire bwanji. Inshuwalansi ya ulendo imayendanso chomwecho.

Choyamba kudziwa n'chakuti inshuwalansi ya ulendo, monga mmene imagulitsidwira kawirikawiri, ndi ya munthu wotuluka m'dziko lake. Imayamba kugwira ntchito akadutsa malire ndipo imatha akabwerera. Mmalawi wochoka ku Kasungu kupita ku Mulanje sanatuluke m'dziko, choncho pangano lotere nthawi zambiri silimukhudza, pokhapokha litanena momveka kuti likuphatikiza maulendo a m'dziko momwemo. Chitetezo chake chimachokera kwina, ndipo chimabwera chogawikana. Mabungwe othandiza pa zachipatala, monga MASM, amalipira chithandizo cha kuchipatala malinga ndi sikimu imene munthu ali, koma ndi nzeru kufunsa ngati amalipira ambulansi kuchokera kutali, ndiponso ngati kuvulala pa masewera oopsa sikunachotsedwemo. Inshuwalansi ya ngozi za munthu, imene ingafunsidwe ku makampani ogulitsa inshuwalansi zosakhudza moyo ngati NICO General, General Alliance, Britam ndi Reunion, imapereka ndalama yoikika munthu akafa kapena akalumala pa ngozi, ndipo ina imawonjezapo zolipira kuchipatala mpaka pa malire ena. Ilipo ya munthu mmodzi, iliponso ya gulu, yomwe ndi yoyenera sukulu, mpingo kapena kampani yotenga anthu ambiri. Ya maliro nayo si yochititsa manyazi kuitchula, popeza kunyamula thupi kuchoka ku Mulanje mpaka ku Kasungu ndi makilomita oposa 500.

Chachiwiri ndi malire a kutalika. Mapangano ambiri amanena kuti kuyenda m'mapiri n'kololedwa mpaka pa mamita akutiakuti: ena 2,000, ena 2,500, ena 3,000, ndipo opitirira pamenepo amalipira ndalama yowonjezera. Apa Sapitwa ali ndi msampha wake. Kutalika kwake ndi mamita 3,002, kotero kuti pangano lolekezera pa 3,000 laperewera ndi mamita awiri. Zingaoneke ngati nthabwala, koma kampani ikamaunika pempho la ndalama zambiri imayang'ana ulendo umene munthu anakonza, ndipo ingathe kunena kuti ulendo wonsewo unali kunja kwa pangano ngakhale ngozi itachitikira m'munsi. Pa ulendo wa nsonga zingapo, nambala yolembetsa ndi ya nsonga yaitali kuposa zonse.

Chachitatu ndi mtundu wa kukwera. Makampani amasiyanitsa kuyenda pa njira yodziwika, kukwawa pa miyala ndi manja, ndi kukwera ndi zingwe. Khoma lakumadzulo la Chambe, lotchuka pakati pa akatswiri okwera mathanthwe, ndi la zingwe ndipo inshuwalansi wamba siilikhudza. Koma ngakhale njira ya ku Sapitwa ndi ya pa nsonga ya Chambe, ya mamita 2,557, zimafuna manja, ndipo ndi bwino kuifotokozera kampani zimenezi m'kalata kapena pa imelo n'kusunga yankho lake. Mawu a pakamwa a wogulitsa inshuwalansi sathandiza pa tsiku la mlandu. Mpikisano nawonso uli ndi chiganizo chakechake: mapangano ambiri amakana ngozi yochitika pa mpikisano wothamanga kapena wa mphotho, ndiye olowa Porters Race ayenera kufunsa mwapadera.

Chachinayi, chomwe chimasokoneza anthu ambiri, ndi kusiyana kwa kufunafuna munthu wosowa ndi kunyamula wodwala. Pangano lingalonjeze kutenga wovulala kuchokera pamalo odziwika kupita naye kuchipatala choyenera, koma osalipira kalikonse pa masiku amene anthu makumi angapo akhala akusakasaka m'phiri. Lina limalipira kuchokera pa chipatala choyamba kupita ku chachikulu, osati kuchokera pa thanthwe. Funso loyenera kufunsa ndi lachindunji: kodi amuna amene adzanyamule machira kuchokera ku Chisepo kufika ku Likhubula mudzawalipira, ndipo mudzafuna umboni wotani, popeza iwo alibe malisiti a kampani? Yankho likakhala lakuti ayi, gulu liyenera kusunga thumba lapadera la ndalama zogwirika, chifukwa ngakhale Airtel Money ndi Mpamba zimafuna netiweki.

Zotsala ndi zodziwika koma zimagwetsabe anthu. Matenda amene munthu anali nawo kale, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, ayenera kuululidwa pogula. Kubisa kumatsitsa mtengo lero n'kudzafafaniza pangano lonse mawa. Ngozi yochitika munthu ataledzera siilipiridwa. Kunyozera malangizo a wolondolera kapena a ofesi ya zankhalango kungatengedwe ngati kudziika dala pa ngozi. Palinso kandalama koyamba kamene mwini pangano amalipira yekha pa pempho lililonse kampani isanayambe kulipira, ndipo pa zinthu zing'onozing'ono ngati foni yosweka kandalamako kangafanane ndi mtengo wa chinthucho.

Odutsa malire

Amene akupita ku Kilimanjaro, wa mamita 5,895, kapena ku Point Lenana pa Mount Kenya, wa mamita 4,985, ndiwo amafunikadi inshuwalansi ya ulendo yeniyeni, yofika pa mamita 6,000, yophatikiza kunyamulidwa pa ndege, chipatala cha kunja ndi kubweza thupi kumudzi. Masiku a pangano ayambire tsiku lonyamuka ku Kasungu ndi kupitirira pang'ono tsiku lobwerera, chifukwa basi yofera pa Songwe kapena ndege yolephereka imatha kuwonjezera masiku. Kugula msanga, ndalama za ulendo zikangolipiridwa, kumathandiza kuti kulephera kunyamuka chifukwa cha matenda kapena maliro a wachibale wapafupi kukhale m'kati mwa pangano. Ofunsira viza ya Schengen kuti akakwere mapiri a Alps amalamulidwa kukhala ndi inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, koma imeneyo ndi yongokwaniritsa lamulo la viza ndipo siitanthauza kuti mapiri alimo. Ku Zanzibar, kumene ambiri amakapumira akatsika Kilimanjaro, boma la kumeneko linayamba mu Okutobala 2024 kulamula alendo kugula inshuwalansi yakeyake ya madola 44. Ndalama yolonjezedwa ikhale m'madola kapena mayuro. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo lonjezo lolembedwa m'makwacha lingathe kusungunuka lisanagwiritsidwe ntchito kuchipatala cha ku Nairobi kapena ku Johannesburg.

Olondolera ndi onyamula katundu

Pokonza zonsezi anthu amaiwala amene amasenza chikwama. Olondolera ndi onyamula katundu a ku Mulanje ambiri ndi anthu odzilemba okha ntchito, olipidwa pa tsiku, ndipo akathyoka mwendo banja lonse limakhala pa njala nyengo yonseyo. Inshuwalansi ya mlendo siiwakhudza. Gulu lochokera ku Kasungu, kumene nkhani ya matenanti ogwira ntchito yolemetsa popanda chowateteza ndi yodziwika bwino, siliyenera kuchita kuuzidwa zimenezi. Mtengo ugwirizanidwe musananyamuke, motsata mitengo imene ili pa ofesi, katundu asapitirire muyezo wololedwa, ndipo chakudya, chofunda ndi chovala cha mvula cha wonyamula katundu ziwerengedwe pamodzi ndi za ena onse. Pogula inshuwalansi ya gulu ndi bwino kufunsa ngati anthu olembedwa ntchito kwa masiku ochepa angalowemo.

Kupempha malipiro

Pangano lililonse limakhala ndi nambala ya foni yoimbira pa ngozi, ndipo ambiri amafuna kuti kampani idziwitsidwe msanga, zinthu zodula zisanachitike. Nambalayo, pamodzi ndi nambala ya pangano, ilembedwe pa pepala lokulungidwa m'pulasitiki, lina likhale ndi mtsogoleri wa gulu, lina litsale kunyumba kwa munthu wodziwa njira imene gulu ladzera ndi tsiku limene liyenera kutsika. Ngozi ikachitika, umboni umasonkhanitsidwa nthawi yomweyo: kalata ya dokotala, malisiti a chipatala, a mankhwala ndi a galimoto, lipoti la apolisi ngati pali imfa kapena kuba, ndi kalata yochokera ku ofesi ya zankhalango yotsimikiza kuti gululo linalembetsa ndipo linali ndi wolondolera. Amene ananyamula machira alembedwe maina ndi ndalama zimene aliyense walandira, asayine, ndipo mkulu wa pa ofesi achitire umboni. Mapangano amaika masiku oti pempho likhale litaperekedwa, ndipo kuchedwa ndi chifukwa chokwanira chokanira. Malungo amatha kuonekera patapita sabata kapena kuposerapo munthu atalumidwa ndi udzudzu m'munsi mwa phiri, choncho wodwala atabwerera auze dokotala kumene anali.

Kampani ikakana kulipira, iyenera kupemphedwa kuti ilembe chifukwa chake ndi kutchula chiganizo cha pangano chimene yatsamira. Dandaulo limayamba kuperekedwa ku kampani komweko. Likapanda kumveka, limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ofesi imene imapereka ziphaso kwa makampani a inshuwalansi ndi owagulitsira, ndipo imalandira madandaulo a anthu ogula. Ku ofesi yomweyo munthu angatsimikizirenso, asanapereke ndalama, ngati kampani kapena wogulitsa amene wamupeza ali ndi chiphaso.